Thupi lisaume: phunziro kwa ogwira ntchito m'migodi ndi mabanja awo

Ambiri mwa ife tikudziwa bambo wina kumudzi amene anagwira ntchito ku mgodi zaka 15 kapena 20. Pa nthawi yake anali chiphona, wonyamula thumba la simenti ngati mtolo wa udzu. Lero akafuna kudzuka pamphasa amayamba wagwira khoma, kapena kuitana mdzukulu kuti amukoke dzanja. Kuchimbudzi amapita ndi ndodo, ndipo kunjuta kumamuvuta moti amachita kuchepetsa kudya ndi kumwa poopa ulendo umenewu. Anthu amangoti, "Ndi ukalamba." Chikhalirecho mnzake wobadwa naye chaka chimodzi akadapalasa njinga kupita kumsika.

Ukalamba ulipo ndithu, ndipo palibe mankhwala ouletsa. Matenda ena a ku mgodi, monga a fumbi m'mapapo, nawonso sachoka. Koma mbali yaikulu ya kuuma ndi kufooka kumene timati ndi ukalamba imabwera chifukwa chakuti thupi lasiya kupindika, kuwongoka ndi kuyenda m'njira zonse zimene limatha. Mbali imeneyi tingathe kuichedwetsa, ngakhalenso kuibweza. Phunziro lino ndi la inu amene mukadali pantchito, inu amene munabwerera kumudzi, komanso amayi ndi ana amene mukusamalira makolo.

"Koma ine ndimagwira kale ntchito yolemetsa"

Awa ndi mawu amene wogwira ntchito mu mgodi amayankha akauzidwa za mafizo, ndipo sitingamunene. Munthu amene watha maola 8 pansi, m'chitungu, akubowola mwala kapena kulayisha ndi fosholo, sangafune kumva zoti akathamange pabwalo. Komabe ntchito yolemetsa ndi kusamala thupi ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Taganizirani mmene shifiti imayendera mu mgodi wa golide ku Carletonville kapena wa pulatinamu ku Rustenburg. Pamalo pokumbapo denga limakhala pafupi kwambiri, nthawi zambiri mita imodzi kapena kupitirira pang'ono kuchokera pansi. Munthu saima chilili. Amagwada, amanjuta, amakwawa, khosi litapindika kuti chipewa chisagunde mwala. Wobowola amagwira makina olemera makilogalamu 20 kapena kuposa, amene amanjenjemeretsa manja ndi mapewa nthawi yonse. Mphamvu zimatuluka zambiri, inde, koma ziwalo zimene zikugwira ntchito ndi zomwezomwezo, ndipo zikupindikira mbali imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Minofu ya kutsogolo kwa chiuno ndi ya pachifuwa imazolowera kukhala yofupika. Msana umazolowera kuwerama. Mapewa amaiwala kukweza mkono mpaka pamwamba pa mutu, pakuti pansipo palibe malo okwezera mkono.

Amene amayendetsa magalimoto akuluakulu m'migodi ya pamtunda, monga ku Solwezi, ku Moatize kapena ku Jwaneng, ntchito yawo ndi yosiyana koma mathero ake ndi omwewo. Amakhala pampando maola ambiri, nthawi zina 12, mpandowo ukugwedezeka. Kugwedezeka kotere kukapitirira zaka zambiri kumayambitsa kupweteka kwa msana.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Akatswiri aona kuti ntchito yolemetsa ya tsiku lonse siteteza mtima ngati mmene kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga pa nthawi yopuma kumachitira. Kuntchito mtima umagunda mofulumira kwa maola ambiri popanda kupuma kokwanira, ndipo kunyamula zolemera kumakweza kuthamanga kwa magazi. Choncho munthu angathe kukhala ndi manja olimba ngati chitsulo, koma BP ili pamwamba, ndipo kuwerama kuti avale jombo kukumuvuta.

Kodi chimachitika n'chiyani m'thupi?

Mukasiya njinga kunyumba itapachikidwa kudenga kwa zaka ziwiri za kontirakiti, pobwera mumapeza tcheni chauma ndipo mawilo sakuzungulira bwino, ngakhale palibe amene anaikwera. Mfundo za thupi, pamene mafupa awiri amakumana, zimachita zofananako.

Kumapeto kwa mafupa kuli chicherewecherewe, choyera ndi choterera chija mumachiona pa fupa la nkhuku. Ntchito yake ndi kuteteza mafupa kuti asamakhulane. Chicherewecherewe chilibe mitsempha ya magazi. Chakudya chake chimachokera m'timadzi toterera ta m'kati mwa mfundo, ndipo timadzi timeneti timalowa ndi kutuluka bwino pamene mfundoyo ikupindika ndi kuwongoka, monga siponji imamwera madzi mukaifinya n'kuisiya. Mfundo yosayenda imakhala ndi njala. N'chifukwa chake bondo limauma mukakhala pansi nthawi yaitali, n'kumasuka mukayenda pang'ono.

Minofu nayo imachepa ndi zaka. Munthu akadutsa zaka 30 amataya pakati pa 3 ndi 8 peresenti ya minofu yake pa zaka 10 zilizonse, ndipo akadutsa zaka 60 kutayako kumafulumira. Wongokhala amataya msanga kuposa pamenepa. Mu 2007 madokotala a ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anagoneka pabedi okalamba athanzi kwa masiku 10. Podzuka, anali atataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo. Masiku 10 okha! Ganizirani tsono za munthu amene wagona miyezi iwiri akudwala TB, kapena wakhala pakhonde chaka chathunthu ntchito itatha.

Minofu ya m'miyendo ndi imene imakudzutsani pansi, ndiponso ndi imene imakugwirani mukapunthwa. Ikafooka, kugwa kumakhala pafupi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo gulu lalikulu mwa iwo ndi la anthu opitirira zaka 60. Kwa wokalamba, kuthyoka fupa la m'chiuno kawirikawiri kumakhala chiyambi cha kugona osadzukanso, makamaka kumudzi kumene chipatala chochita opaleshoni chili kutali. Amayi achenjere kwambiri pamenepa, chifukwa akasiya kusamba mafupa awo amayamba kuchepa mphamvu mofulumira. Fupa limalimba likamasenza thupi poyenda, osati likamasungidwa pampando.

Nthawi yoopsa ndi pamene ntchito yatha

Kulemba Amalawi ntchito za m'migodi ya ku South Africa kudzera ku TEBA kunaima cha mu 1988. Mnyamata amene anabwerera kwawo nthawi imeneyo ali ndi zaka 30, lero wadutsa zaka 65. Ku Zambia anthu ambiri anachotsedwa ntchito m'migodi ya kopa pamene kampani ya boma ya ZCCM inkagulitsidwa, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mpaka 2000. Amene mukadali pantchito, onani moyo wa akuluakulu amenewa, pakuti njira ndi yomweyo.

Nthawi zambiri zimayenda chonchi. Munthu akabwera ndi kandalama, amaona kuti wavutika mokwanira. Kumunda amalemba aganyu, kulikonse amatuma ana, ulendo wa kilomita imodzi amakwera kabaza. Apabanja nawo, chifukwa cha ulemu, amamulanda ntchito iliyonse: "Khalani pansi bambo, tichita ndife." Tsiku limatha ali pabawo kapena pamowa. Kadyedwe kamakhala komwe kaja ka ku mgodi, nsima yodzaza mbale, koma thukuta palibe. Mimba imakula, mawondo amasenza katundu wowonjezera. Mawondo akayamba kupweteka munthu amachepetsa kuyenda, ndipo kuchepetsa kuyendako kumawonjezera kuuma ndi kupweteka. Shuga ndi BP zimalowera pomwepo, popeza minofu yogwira ntchito ndi imene imachotsa shuga wambiri m'magazi.

Kupuma si kulakwa. Munthu amene wakhala zaka pansi pa nthaka ayenera kupuma. Koma chimene chatha ndi ntchito ya abwana. Kuyenda sikunathe.

Dziyeseni nokha

Tengani mpando wolimba wopanda mikono, wotalika masentimita 43 kapena kuyandikira apo, muutsamiritse kukhoma. Khalani pakati pake, mapazi ali pansi, manja mutawapingasa pachifuwa. Wina agwire wotchi kapena foni. Imirirani mpaka kuwongoka, khalaninso, mobwerezabwereza kwa masekondi 30, osagwira paliponse. Mayeso amenewa amagwiritsidwa ntchito m'zipatala. Bambo wa zaka 60 mpaka 64 amene sanafike ka 14, kapena mayi wa msinkhu womwewo amene sanafike ka 12, ndiye kuti miyendo yake yafooka kuposa ya anzake ndipo angathe kugwa mosavuta. Kwa a zaka 70 mpaka 74, nambala ndi 12 kwa abambo ndi 10 kwa amayi. Ngati muli ndi zaka 45 kapena 50 ndipo manambala amenewa akukuvutani, musadikirenso.

Yesaninso izi. Kodi mungaime ndi mwendo umodzi masekondi 10, muli pafupi ndi khoma? Kodi mungakweze mikono yonse iwiri mpaka kukhudza makutu? Kodi mungacheuke n'kuona kumbuyo osatembenuza thupi lonse? Lembani zimene mwapeza kuseri kwa kalendala, mudzayesenso pakatha miyezi iwiri.

Mphindi 10 mukaweruka

Nthawi yabwino yodziwongola ndi pamene thupi lili lofunda: mukangosamba poweruka, kapena mukayenda kaye mphindi zisanu. Thupi lozizira la m'mamawa musalikakamize. Kokani pang'onopang'ono mpaka mumve kuti mnofu wakokeka, imani pomwepo masekondi 30 mukupuma bwinobwino, kenako masulani. Achikulire angathe kufika masekondi 60. Bwerezani kawiri kapena katatu mbali iliyonse. Musamagwedeze thupi mokankha ngati mukupopa mjigo. Kumva kukoka n'kwabwino, koma kumva kubaya kapena kutentha ndi chizindikiro choti mwapitirira. Masiku awiri kapena atatu pa sabata amathandiza, ndipo tsiku lililonse n'kopambana.

Lamulo lake ndi limodzi: chitani zosemphana ndi zimene thupi lachita tsiku lonse.

Ngati mwawerama tsiku lonse, imani mapazi atatalikirana pang'ono, ikani manja kumbuyo m'chiuno, pindikirani chagada pang'ono ndi kubwerera, kasanu mpaka ka 10. Kapena gonani chafufumimba pamphasa, dzutsani chifuwa mutatsamira zigongono, chiuno chili pansi.

Ngati mwanjuta kapena kukhala pampando tsiku lonse, gwadani bondo limodzi pa bulangeti lopinda, phazi linalo lili kutsogolo. Msana uli wowongoka, kankhirani chiuno kutsogolo mpaka mumve kukoka kutsogolo kwa ntchafu ya mwendo wogwadawo. Uku ndi kudziwongola kumene wa mu mgodi aliyense amafunika kwambiri. Mnofu umenewu ukafupika umakoka msana, ndipo ndi china mwa zimene zimachititsa munthu kuyenda mowerama asanakalambe.

Pofuna kumasula chifuwa ndi mapewa, imani pakhomo lotsegula, ikani mikono m'mafelemu mbali zonse ziwiri, zigongono zili molingana ndi mapewa, ndipo pondani kutsogolo pang'ono. Mukatero yang'anani khoma, yendetsani zala zikwere khomalo mpaka pamene mungafike.

Kumbuyo kwa ntchafu: ikani chidendene pa njerwa kapena pa sitepe, bondo lili lowongoka, weramirani kutsogolo kuchokera m'chiuno, osapinda msana.

Akakolo musawaiwale. Jombo zimawagwira tsiku lonse, ndipo akakolo ouma ndi amene amalepheretsa munthu kunjuta chidendene chili pansi. Gwirani khoma, mwendo umodzi kutsogolo, wina kumbuyo uli wowongoka, chidendene chosachoka pansi, kenako tsamirani kukhomako. Pambuyo pake gwirani mtengo kapena chitseko cholimba, njutani mpaka pamene mungathe, khalani pang'ono, dzukani. Kunjuta ndi luso limene makolo athu ankalisunga mpaka kukalamba chifukwa ankalichita tsiku lililonse. Likangotayika limavuta kulibweza, ndiye amene mukadali nalo lisungeni.

Khosi litembenuzeni modekha kumanja ndi kumanzere, kenako khutu liyandikire phewa. Musalizungulitse mwamphamvu kapena kulilizitsa. Obowola miyala tambasulani ndi kufumbata zala, ndi kupinda dzanja mmwamba ndi mmunsi. Koma ngati zala zimayera ndi kuchita dzanzi kukazizira, kapena mabatani a malaya akukuvutani kumanga, amenewo angakhale matenda obwera ndi kunjenjemera kwa makina. Kudziwongola sikuwachiza. Kanenedwe ku chipatala cha pa mgodi kuti zilembedwe m'fayilo yanu, ndipo dziwani kuti fodya amawakulitsa.

Tikudziwa kuti mu hositelo kapena m'chipinda chogona anthu angapo, munthu amachita manyazi kugwada bondo limodzi anzake akuseka. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipotu gule wa majombo, amene lero amavinidwa ngakhale kunja kwa Africa, anayambira m'migodi momwemu. Kokani mnzanu mmodzi, enawo adzatsatira misana ikawapweteka.

Kudziwongola kokha sikokwanira

Tinene zoona. Kudziwongola kumamasula mfundo, koma pakokha sikulimbitsa mtima, sikutsitsa shuga, ndipo sikuletsa kugwa. Pamafunikanso kuyenda, mphamvu, ndi kuima mosagwedezeka.

Malangizo a WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu azichita zinthu zotulutsa kathukuta kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Mwachidule, ndi mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu, ndipo mungathe kuzigawa, 10 m'mawa, 20 madzulo. Liwiro loyenera ndi limene mungathe kulankhula koma osatha kuimba. Sizilira jimu kapena nsapato zodula. Kuyenda ndawala kupita kumsika, kupalasa njinga, kutunga madzi, kuvina beni, mganda, malipenga, chioda kapena ingoma, zonsezi zimawerengedwa. Kwa amene ali ndi BP, kuchita zimenezi mosadumphadumpha kumatsitsa nambala ya pamwamba ija ndi 5 mpaka 8. Uku n'kuthandizira mankhwala, osati kulowa m'malo mwake. Musasiye mapiritsi.

Masiku awiri pa sabata limbitsani minofu. Kudzuka ndi kukhala pampando kuja munadziyesera ndi mafizo abwino kwambiri a miyendo: chitani ka 10, pumani, bwerezani kawiri. Onjezani kukankha khoma ndi manja, ndi kuimirira ndi zala zakumapazi mutagwira mpando. Amene mwafika zaka 65 muwonjezere, masiku atatu pa sabata, zophunzitsa thupi kusagwa: kuima ndi mwendo umodzi pafupi ndi khoma, ndi kuyenda mzere umodzi chidendene chikukhudza zala za phazi linalo. Kafukufuku wosiyanasiyana ataikidwa pamodzi anaonetsa kuti mafizo otere amachepetsa kugwa kwa okalamba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndipo minofu imamva ngakhale mwayamba muli ndi zaka 70 kapena 80.

Inu amene mukadalayisha kapena kubowola, sitikunena kuti mukanyamulenso zitsulo mukaweruka. Mphamvu muli nazo. Chimene mukusowa ndi kudziwongola, tulo tokwanira, ndi kuyenda momasuka pa tsiku lopuma m'malo mogona kapena kukhala pa TV kuyambira m'mawa mpaka usiku. Oyendetsa makina, tsikani nthawi iliyonse imene malamulo a pantchito akulola, muime chilili ndi kuyenda masitepe angapo.

Kulima ndi ntchito yabwino kwa wopuma ntchito, koma khasu la mpini waufupi limabweza msana m'kawerama komwe kaja ka ku mgodi. Ikani mpini wautaliko, ndipo mukamaliza mzere uliwonse wongokani, manja m'chiuno. Ponyamula thumba pindani mawondo, katunduyo ali pafupi ndi thupi, ndipo musapotoze chiuno mutanyamula.

Paulendo wopita kunyumba

Basi yochokera ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza kapena Dedza imatha tsiku ndi theka, mwinanso masiku awiri, miyendo itapanikizika ndi katundu. WHO inapeza kuti kukhala osasuntha paulendo wa maola anayi kapena kuposa kumawirikiza kawiri mpata woti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo. Muli pampando, yendetsani mapazi mmwamba ndi mmunsi ka 20 pa ola lililonse. Basi ikaima, tsikani muyende, ngakhale muli ndi tulo. Imwani madzi, osati mowa. Ngati pofika mwendo umodzi watupa, ukutentha ndi kupweteka kumbuyo kwa msongolo, musautikite. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo thamangani ndithu ngati mwayambanso kubanika.

Ngati mapapo anawonongeka

Ambiri amene anagwira ntchito m'migodi ya golide ali ndi matenda a fumbi la miyala, amene madokotala amati silicosis, kapena zipsera za TB m'mapapo. Palibe mafizo amene angachotse fumbilo. Koma munthu wobanika akamaopa kuyenda, miyendo imafooka, ndipo miyendo yofooka imafuna mpweya wambiri pa ntchito yochepa, kubanikako n'kukula. N'chifukwa chake kuchipatala odwala mapapo amawaphunzitsa kuyenda, osati kugona.

Yambani ndi mphindi zisanu pamalo osakwera, muwonjezere mphindi imodzi kapena ziwiri pakatha masiku angapo. Kokani mpweya ndi mphuno, muutulutse pang'onopang'ono ndi pakamwa milomo itasongoka ngati mukuziziritsa phala. Mukabanika imani, tsamirani manja pamawondo kapena pakhoma mpaka mpweya ubwerere. Amene mukumwa mankhwala a TB kapena ma ARV mungathe kuyenda ndi kudziwongola malinga ndi mphamvu zanu. Mapazi akamachita dzanzi kapena kutentha, uzani adokotala, chifukwa mankhwala ena a TB amachita zimenezi ndipo pali vitamini B6 amene amathandiza. Odwala shuga, valani nsapato poyenda ndipo muziyang'ana mapazi madzulo alionse ngati pali chilonda.

Lamulo la ku South Africa la mu 1973 limapatsa amene anagwirapo ntchito m'migodi ya kumeneko ufulu woyezedwa mapapo kwaulere zaka ziwiri zilizonse, ndipo ofesi yoona zimenezi ndi MBOD ku Johannesburg. Funsani ku chipatala cha boma kapena ku bungwe la amene anagwira ntchito m'migodi m'dera lanu. Amene mukusiya ntchito, musachoke musanayezedwe komaliza ndi kulandira setifiketi yake, ndipo pamenepo nenani zonse, za msana, mawondo ndi manja zomwe.

Kupweteka kumene sikufuna mafizo

Kuphwanya m'thupi tsiku limodzi kapena awiri mutayamba zachilendo n'kwachibadwa. Kupweteka msana wamba nako kumachira msanga munthu akamayendayenda kusiyana ndi akagona masiku ambiri. Mawondo a nyamakazi ya ukalamba amauma m'mawa kwa mphindi zosapitirira 30, ndipo kuyenda ndi kulimbitsa ntchafu ndiye mankhwala ake oyamba. Koma pitani kuchipatala musanachite china chilichonse ngati muona izi:

- kupweteka msana kosaleka ngakhale usiku, pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku kapena kuwonda, pakuti TB imagwiranso fupa la msana
- miyendo kufooka kapena kuchita dzanzi, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi
- mfundo yotupa, yofiira ndi yotentha mwadzidzidzi
- zala ndi manja kuuma m'mawa kwa ola lathunthu kapena kuposa
- kupweteka kapena kulemera pachifuwa, chizungulire kapena kukomoka pamene mukuyenda
- chifuwa cha masabata awiri, kapena kutsokomola magazi

Chenjeraninso ndi mapiritsi opha ululu ogula pagolosale, monga brufen, indocid ndi diclofenac. Ambiri amawamwa tsiku ndi tsiku kuti amalize shifiti. Akamwedwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba, amakweza BP ndi kuwononga impso, makamaka kwa munthu amene akutaya madzi ambiri m'thukuta.

Mawu kwa apabanja

Amayi, ana ndi adzukulu, ulemu wanu ndi wabwino, koma musalande okalamba ntchito zonse. Asiyireni zimene angathe: kuthirira kudimba, kudyetsa ziweto, kusesa pabwalo, kuperekeza mwana kusukulu. Kutchalitchi kapena kumzikiti kukakhala kufupi, yendani nawo m'malo mowaitanira kabaza. Akamadzuka pampando musathamangire kuwakoka, imani pafupi muwapatse nthawi ayese okha. Wodwala akayamba kupeza bwino, mukhazikeni tsonga, kenako aime, kenako ayende mpaka pakhomo, osadikira kuti achire kaye. Ndipo amayi amene munatsala pakhomo zaka zonsezi mukusenza madzi ndi nkhuni pamutu, kusinja ndi kulima nokha, khosi ndi msana wanu zagwira ntchito yosachepera ya ku mgodi. Zonse zalembedwa muno n'zanunso.

Konzaninso pakhomo. Chotsani miyala, zingwe ndi ziwiya m'njira ya kuchimbudzi, ndipo pakhale tochi pafupi ndi pogona. M'chimbudzi zikani mtengo wolimba pambali pa dzenje, wofika m'chiuno, woti munthu agwire ponjuta ndi podzuka. Ngati mawondo akanika ndithu, mmisiri wa matabwa angathe kukhoma kampando kobowola pakati koika pamwamba pa dzenjelo. Kubafa yalani miyala yosaterera kapena ikani kampando kokhalapo posamba.